Yankho kwa azakhali pa za mtedza wachuku

Azakhali, mwaswera bwanji kumeneko? Uthenga wanu ndaumva. Ndaona kuti ndiyankhe pamawu pomwe pano pagulu la banja, kuti amalume ndi alamu amve nawo, poti nonse mumalima mtedza. Mwafunsa kuti mtedza wachuku uja mwausankha padera, mukaukazinga n'kuusinja nsinjiro, ungavute? Chonde azakhali, musatero.

Chuku chija n'chamoyo, ndi kafangasi kotchedwa Aspergillus flavus, kamakhala m'dothi momwemo. Kalibe mano, kalibe pakamwa. Kamadya potulutsa timadzi totchedwa maenzaimu, tingoti ndiye khasu lake ndi mpeni wake. Enzaimu imodzi, pectinase, imasungunula kaulimbo kamene kamamata timaselo ta mbewu, ndiye kafangasi kamapeza njira n'kumayanga mkati. Ina, lipase, imaphwanya mafuta, ndipo mtedza mukuudziwa mmene ulili ndi mafuta. Akatswiri atayesa pa thonje anaona kuti mitundu ya kafangasika yosowa pectinase yamphamvu ija imalephera kufalikira bwino. Ndiye ukali wake uli m'maenzaimu amenewa.

Koma chimene chimandidetsa nkhawa kwenikweni ndi poizoni wake, aflatoxin. Poizoniyu kamachita kumupanga. Muganize amayi atandandalika pamzere, wina akusinja, wina akupeta, wina akusefa, aliyense kupatsira mnzake. M'kafangasi muli maenzaimu ambirimbiri ogwira ntchito motero, mmodzi mwa oyambirira amamutcha polyketide synthase, ndipo m'timaselo take muli kalangizo kachibadwa (gene pa Chingerezi) kotchedwa aflR, kamene kali ngati kapitawo wolamula kuti ntchito iyambike. Tsono moto wapachiwaya umapha kafangasi, inde, koma poizoni amene kanapanga kale amatsala momwemo. Sanunkha, saoneka ndi maso. Akafika m'chiwindi, enzaimu yathu yomwe, poyesa kumuchotsa, imamusandutsa chinthu choopsa kuposa poyamba, chimene pakapita zaka chimayambitsa khansa ya chiwindi, makamaka kwa munthu amene ali kale ndi matenda a chiwindi otchedwa hepatitis B. Nanga nsinjirozo si zomwe mumathira m'phala la adzukulu? Apa m'pamene mtima wanga ukuwawa.

Si nkhani yongoopseza ayi. Poizoniyu anadziwika mu 1960 nkhukundembo pafupifupi 100,000 zitafa ku England chifukwa cha chakudya chokhala ndi mtedza wochokera ku Brazil. Ku Kenya mu 2004 anthu 125 anamwalira atadya chimanga chachuku, ambiri a ku Makueni ndi Kitui. Pa chifukwa chomwecho, musaponyere nkhuku kapena ng'ombe, poizoniyu amadutsa mpaka mumkaka.

Munanenanso kuti mvula inadula msanga chaka chino. Eya, m'pamene zinayambira. Mtedza ukamakhwima dothi lili gwa, lotentha, umafooka n'kulephera kupanga timankhwala take todzitetezera. Makoko amang'aluka, chiswe chimaboola, kafangasi kamalowa. Ndipo nakonso kakapanikizika ndi kutentha m'pamene kamapanga poizoni wambiri.

China chimene ndikupempheni, ndikudziwa kuti zala zimapweteka poswa, koma zowaza madzi pamtedza kuti makoko afewe zija musiye. Maenzaimu sagwira ntchito pouma. Mukawaza madzi mwawadzutsa nokha. Yanikani mpaka njere izichita phokoso mukagwedeza, musunge m'makoko momwemo, matumba akhale pathandala osati pansi, asatsamire khoma. 

Amalume anafunsa tsiku lija za Aflasafe. Ija ndi kafangasi komweka, koma mitundu yake imene mzere wa maenzaimu uja unaduka, ndiye siingapange poizoni. Amaimata pa njere za mapira zosamera, mumawaza m'munda makilogalamu 10 pa hekitala, milungu iwiri kapena itatu mbewu isanachite maluwa, ndiye imalanda malo a yoipa ija. Mufunse alangizi a kwanuko ngati ikupezeka.

Wachuku uja, pamodzi ndi mphwephwa ndi wobooka yense, muutenthe kapena muukwirire m'dzenje lakuya kumene nkhuku sizingafukule. Munditumizire chithunzi cha wotsalawo madzulo ano, muswe njere zingapo pakati kuti ndione mkati mwake.