Na⁺ sinalandire kanthu, inataya: yankho kwa wophunzira wa Fomu 3

Wophunzira wina wa Fomu 3 watilembera imelo atasokonezeka ndi funso la chemistry. Anafunsidwa kuti Na⁺ ili ndi ma electron angati. Iye anaona kuti sodium ili ndi 11, anaona chizindikiro cha +, nawonjezera imodzi n'kulemba 12. Aphunzitsi anamuthetha. Akufuna kudziwa pomwe analakwa.

Mwalakwa pamodzi pokha, ndipo ndi pomwe ambiri amaterereka. Chizindikiro cha + sichinena zimene atomu yalandira ayi. Chimanena mbali imene yachuluka mukawerenga zotsala.

Proton iliyonse ili ndi chaji ya +1, electron ili ndi −1. Kukula kwa chaji ziwirizi n'kofanana ndendende, ngakhale proton imalemera kuposa electron pafupifupi ka 1,836. Neutron ilibe chaji, ndiye pa nkhani ino isiyeni pambali. Atomu ya sodium ili ndi ma proton 11 ndi ma electron 11, zimafafanizana, chaji n'kukhala 0. Electron imodzi ikachoka, ma proton akadali 11 koma ma electron atsala 10. Proton imodzi yasowa mnzake woifafaniza. Imeneyo ndiyo + mukuiwonayo, ndipo atomu yokhala ndi chaji chotere imatchedwa ion.

Gwiritsitsani ichi: pa chemistry, ma proton sasuntha. Ali mkati mwa nucleus, pakati penipeni pa atomu, omangika zolimba moti kuwotcha, kusungunula kapena kuthira asidi sikuwafika. Kuchuluka kwawo ndiye dzina la chinthucho, monga anasonyezera Henry Moseley mu 1913. Sodium itakhala ndi ma proton 12, si sodium'nso, yasanduka magnesium. Zoyendayenda ndi ma electron akunja basi.

Mukakumana ndi funso lotere, pezani kaye atomic number pa periodic table, chifukwa ndiyo ma proton. Samalani apa: sodium imalembedwa ndi manambala awiri, 11 ndi 23. Tengani yaing'onoyo. Ya 23 ndi ma proton ndi ma neutron kuphatikiza, ndipo woitenga molakwa amapeza ma electron 22, zomwe n'zosatheka. Kenako chotsani chaji pa ma proton. Magnesium, Mg²⁺: 12 − 2 = 10. Aluminium, Al³⁺: 13 − 3 = 10.

Pa ma ion a − ndi pomwe masamu amapusitsa. O²⁻ ya oxygen ndi 8 − (−2), yankho lake 10, osati 6. Cl⁻ ya chlorine ndi 17 − (−1), kupeza 18. Ngati mabulaketi akukuvutani, ingodzifunsani kuti chachuluka n'chiyani. Pa O²⁻ achuluka ndi ma electron, ndi awiri, ndiye sangachepere ma proton 8 aja.

Nanga bwanji sodium imataya imodzi yokha? Ma electron ake amakhala m'mizere yozungulira nucleus, yotchedwa ma shell, motere: 2, 8, 1. Yomalizayo ili yokha kunja, kutali ndi nucleus, ndipo kuichotsa kumafuna mphamvu pafupifupi 496 kJ pa mole. Yachiwiri muyenera kuizula mu shell yodzaza kale, yoyandikira nucleus, ndipo pamafunika pafupifupi 4,560 kJ, kuposa ka 9. Palibe reaction wamba yomwe ingalipire mtengo umenewo, n'chifukwa chake Na²⁺ simudzaipeza mu mchere uliwonse. Chlorine ndi 2, 8, 7, imangosowa imodzi, ndipo imaitenga kwa sodium.

Ena amati Na⁺ yasanduka neon poti zonse zili ndi ma electron 10. Ayi ndithu. Neon ili ndi ma proton 10, Na⁺ ili ndi 11. Komabe electron imodzi yotayikayo si yoichepetsa. Chitsulo cha sodium amachisunga m'mafuta chifukwa chikakhudza madzi chimawira mwaukali, mwina kuyaka kumene, pomwe Na⁺ ya mu mchere timaithira m'ndiwo tsiku ndi tsiku.

Mcherewo sugwira munthu ngati waya wa magetsi chifukwa Na⁺ iliyonse ili ndi Cl⁻ yake. Lamulo lomwelo ndilo limakupatsani formula. Al³⁺ ziwiri ndi +6, O²⁻ zitatu ndi −6, ndiye Al₂O₃. Mukalemba AlO, pamatsala +1 yopanda mnzake.

Ma ion a maatomu angapo amawerengedwa chimodzimodzi, kungoti mumaphatikiza kaye ma proton onse. Ammonium ya mu fetereza, NH₄⁺, ili ndi 7 a nitrogen ndi 4 a hydrogen, onse 11, ma electron 10. Sulphate, SO₄²⁻, ili ndi 16 a sulphur kuphatikiza 32 a ma oxygen anayi, ndiye ma proton 48 ndi ma electron 50. Kuti −2 ifafanizike pamafunika ammonium ziwiri, n'kupeza (NH₄)₂SO₄.

Chenjerani ndi iron pa MSCE. Ili ndi ma proton 26 koma imapanga ma ion awiri: Fe²⁺ ya ma electron 24 ndi Fe³⁺ ya 23. Apa gulu la pa periodic table silikuuzani chaji, muyenera kuiwerenga pa dzina. Iron(II) ndi +2, iron(III) ndi +3.