Za mavoti a ku Lirangwe: yankho kwa aphunzitsi omwe akusamukira kwathu

Aphunzitsi, mwati akusamutsirani ku Lirangwe ndipo mukufuna kudziwa komwe anthu akumeneko amapendekera pa ndale, komanso ngati n'zoona kuti kumudzi amangovotera wa mtundu wawo. Ine ndimagwira ntchito ku Limbe koma mchombo wanga uli komweko, ndipo voti ndimakaponyera pa sukulu ya pulayimale yomwe ndinaphunzirapo. Ndiye ndikuuzeni zomwe maso angawa aona.

Pa voti ya pulezidenti sindikubisirani: Blantyre wakumidzi amayenda ndi chigawo cha kummwera. Pa riferendamu ya 14 June 1993 anthu anasankha nyali ya zipani zambiri, kukana tambala wakuda wa chipani chimodzi cha MCP. Mu 1994 ndi 1999 kunali chikasu chokhachokha, UDF ya a Bakili Muluzi. A Bingu wa Mutharika atatuluka mu UDF mu 2005 n'kuyambitsa DPP, anthu anasamukira ku buluu pang'onopang'ono, ndipo pofika 2009 anali atasamukiratu. Ngakhale pa chisankho chachibwereza cha 23 June 2020, chomwe a Lazarus Chakwera anapambana, kwathu mavoti ambiri anapita kwa a Peter Mutharika.

Koma mawu akuti "mtundu" ndi omwe ndikukana. Mtundu wake uti? Pamsika wa Lirangwe mupeza Amang'anja, Ayao, Angoni ndi Alomwe, okwatirana okhaokha. Anthu omwewa anavotera Myao wa ku Machinga kawiri, kenako Mlomwe wa ku Thyolo. Mukawafunsa mayi anga chomwe anakondera a Bingu, satchula za Mulhako ayi. Amatchula makuponi. Njala ya 2002 anaiona, ya 2005 anaionanso, kenako kunabwera feteleza wotsika mtengo, nkhokwe yathu n'kudzadza mpaka kudenga. Dera lathu ndi lotentha, mvula imavuta, dothi linatopa. Munthu wolima ekala imodzi amayeza boma ndi matumba awiri a feteleza komanso mtengo wa chigoba cha chimanga mu January. N'chifukwa chake AIP, ndondomeko ya boma ya feteleza wotsika mtengo, itayamba ndi thumba la K4,495 mu 2020, ena omwe sanavotere mgwirizano wa Tonse wa a Chakwera anayamba kufewa mtima. Koma mtengo utakwera, mayina akusowa m'kaundula, kwacha n'kugwa ndi 44 peresenti mu November 2023, chilala cha 2024 n'kuwonjezera, mitima ija inabwerera komwe inali. Mantha a MCP yakale nawonso alipo mwa akuluakulu, omwe amakumbukira kuletsedwa kulowa mumsika chifukwa chosowa khadi la chipani. Nkhani imeneyi agogo amaifotokozabe kwa adzukulu.

Tsono pa phungu ndi khansala nkhani imasintha kotheratu, ndipo apa ndi pomwe anthu a m'tauni amasokera. Munthu mmodzi yemweyo amachonga chimanga pa pepala la pulezidenti, koma pa la phungu n'kuchonga woyima payekha. Si zachilendo m'Malawi muno: mu 2014 aphungu oyima paokha anali 52, mu 2019 anali 55. Ambiri mwa iwo ndi anthu omwe anaberedwa kapena kukankhidwa pa mapulayimale a chipani, anthu n'kunena kuti "wathuyu timutengera tokha ku Nyumba ya Malamulo". Phungu amayezedwa pa maliro. Kodi anabwera? Anatumiza galimoto yonyamula thupi kuchokera ku Queens? Mjigo utawonongeka anagula zipangizo? Foni yake imayankhidwa kapena anasintha nambala atangopambana? Ine zimandipweteka kuti ntchito yopanga malamulo sitimufunsa n'komwe, koma sindingamunyoze mayi wamasiye yemwe akukumbukira amene anamugulira bokosi tsiku lomwe analibe pogwira.

Musanamizidwenso ndi zitenje. M'sutikesi ya azakhali anga muli chachikasu, chabuluu, cha olenji cha nthawi ya amayi Joyce Banda, ndi chofiira cha UTM, zonse zopindidwa bwinobwino. Msonkhano uliwonse amapita, amavina, amakwera lole. Lamulo la zipani la 2018 linaletsa kugawa ndalama pokopa anthu, koma zimachitikabe, ndipo anthu amalandira. Ndinawafunsapo kuti nanga voti mupatsa ndani, anangondiyankha kuti: "Mwanawe, m'kachipinda muja ndimalowamo ndekha."

Achinyamata, makamaka a kabaza ndi ogulitsa m'mbali mwa msewu wa M1, ndi omwe sadziwika bwino. Mu 2019 ambiri ankamutsatira malemu Saulos Chilima. Ena salembetsa n'komwe, amati mavoti sadyedwa.

Inuyo monga mphunzitsi, dziwani kuti nthawi ya chisankho aphunzitsi ndi omwe MEC, bungwe loyendetsa zisankho, imakonda kulemba ntchito m'malo oponyera voti, choncho anthu adzakuyang'anitsitsani kuyambira tsiku lofika. Mukafika kaonekereni kaye kwa amfumu. Nsalu kapena kapu ya chipani musavale, ngakhale yongopatsidwa. Pamaliro musasowe, ndipo ikayambika nkhani ya ndale kusiwa, mverani kaye miyezi ingapo musanaponyepo lanu. Nyumba yabwino ya lendi funsani akomiti ya sukulu, ndi omwe amadziwa kufupi ndi mjigo womwe suuma mu October.