Yankho kwa amene chilakolako chogonana chawakanika kuletsa

Achimwene, mwalemba kuti usiku uliwonse mumaonera zolaula pa foni, ndalama zikuthera kwa akazi oyendayenda, ndipo mwalumbira kangapo kuti mwasiya koma pakangopita masiku ochepa mwabwereranso. Mukufunsa ngati amenewa ndi matenda.

Bungwe la WHO linaika vutoli m'buku lake la matenda la ICD-11, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2022. Madokotala sawerenga kuti munthu amagonana kangati. Amaona ngati walephera kudziletsa kwa miyezi 6 kapena kuposerapo, ngati akupitirizabe pomwe banja, ntchito ndi thanzi zikuwonongeka, komanso ngati akuchitabe ngakhale sizikumukomeranso. Kungodziimba mlandu chifukwa cha chipembedzo, zinazi palibe, sikuwerengedwa ngati matenda. Zomwe mwalembazi zikufanana ndi vutoli, koma wotsimikiza ndi dokotala.

Kulumbira sikuthandiza chifukwa chilakolakocho sichibwera chokha. Kwa masabata awiri, nthawi iliyonse chikakugwirani lembani ola, malo, ndi zomwe zinachitika chisanabwere. Ambiri amapeza kuti chimatsatira mkangano wa kunyumba, kusungulumwa, kutopa, mowa kapena tsiku la malipiro. Mtima umapepuka kwa mphindi zochepa, kenako manyazi amabwera, ndipo manyaziwo ndi amene amakukankhiraninso komweko.

Mukadziwa nthawi zanu, tsekani njira mutu udakali bwino. Foni isalowe kuchipinda chogona. Ikani pulogalamu yotchinga zolaula, koma nambala yachinsinsi asunge munthu wina. Mukaisunga nokha mudzatsegula pakati pa usiku. Manambala a akazi aja musangowafufuta, atsekeni, apo ayi iwo ndi amene adzakuimbireni. Malipiro akalowa, lipirani zofunika tsiku lomwelo. Chilakolako chikafika, chimakwera kenako n'kutsika chokha: tulukani pamalopo, yendani kapena imbirani mnzanu, mudikire mphindi 20 mpaka 30 musanachite kanthu.

Pomwe ambiri amagwera ndi apa: akaterereka kamodzi amati "zawonongeka kale", n'kumira sabata yathunthu. Mukaterereka, lembani chomwe chinatsegula khomo, muuze amene akukuthandizani tsiku lomwelo, mutseke pamenepo.

Pitani kuchipatala mukayezetse HIV, chindoko ndi chinzonono. Ngati mwagonana popanda kondomu ndi munthu amene simukudziwa momwe alili, mankhwala a PEP, oteteza kuti musatenge HIV, amafunika kuyamba pasanathe maola 72 ndipo amamwedwa masiku 28. Podikira zotsatira, atetezeni akazi anu. Powaululira, musamaulule pang'onopang'ono, lero ichi mawa icho, chifukwa chilichonse chatsopano chimatsegulanso bala. Ndi bwino kunena zonse kamodzi pamaso pa mlangizi.

Muuzenso dokotala mankhwala onse amene mukumwa. Ena a matenda a Parkinson (a mu ubongo, onjenjemeretsa thupi), monga pramipexole, amakweza chilakolako mopitirira muyeso, ndipo matenda a maganizo a bipolar, omwe munthu nthawi zina amasangalala mopitirira muyeso, nthawi zina n'kukhumudwa kwambiri, amachitanso chimodzimodzi. Thandizo lenileni ndi uphungu wa akatswiri a zamaganizo, makamaka wa mtundu wa CBT, wothandiza kusintha kaganizidwe ndi zochita, ndipo nthawi zina dokotala amawonjezera mankhwala ngati pali nkhawa kapena kukhumudwa kwambiri. Magulu othandizana a anthu a vutoli, ngati Sex Addicts Anonymous, amakumananso pa intaneti. Ngati maganizo ayamba kulowera kwa ana kapena kukakamiza munthu, musadikire masabata awiri aja, kaonaneni ndi dokotala wa zamaganizo lero.