Alibe tchalitchi, alibe chakhumi, nanga a Pagan akhalitsa bwanji?

Achemwali, ndaona kuti ambiri akungokuyankhani kuti "thawani" n'kuikapo tizithunzi ta moto, funso lenilenilo osalikhudza. Mwati mnzanu wa kuntchito ku Leeds wakuuzani kuti ndi wa Pagan, wakuitanirani ku mwambo wawo wa pa 1 Meyi, wakubwerekaninso magazini yawo, ndiye mukudabwa kuti anthu opanda tchalitchi, opanda m'busa, osapereka chakhumi, amayenda bwanji mpaka kumasindikiza magazini yooneka bwino chotero. Ine sindine wa Pagan, Lamulungu ndimapita kutchalitchi kwathu, koma ndagwira ntchito nthawi yaitali ndi mayi wina wachizungu amene ali m'komiti ya kagulu kawo, ndipo ndinapitako kukaonerera.

Tichotse kaye chomwe chikuopsa anthu m'gulu muno. Ena mwa iwo amadzitchula okha kuti witch, ndiye Mmalawi akangomva maganizo amathamangira ku lichero ndi kumanda. Si zimenezo. Satana sam'khulupirira n'komwe, amati ameneyo ndi wa m'chiphunzitso cha Akhristu. Iwo amalemekeza chilengedwe, dzuwa, mwezi, nthaka, makolo awo, ndi milungu yakale ya ku Ulaya, yaimuna ndi yaikazi yomwe. Muli a Wicca, muli a Druid amene anatengera dzina la ansembe akale a ku Britain ndi Ireland, muli a Heathen amene amapembedza Odin, Thor ndi milungu ina ya kumpoto kwa Ulaya, komanso ambiri amene sali m'kagulu kalikonse, amangochita okha pakhomo. Mutha kusagwirizana nazo, inenso sindigwirizana nazo, koma tizikana chinthu tikuchidziwa.

Sikuti ndi ambiri. Pa kalembera wa 2021 ku England ndi Wales, anthu pafupifupi 74,000 analemba kuti ndi a Pagan, ena 13,000 analemba kuti ndi a Wicca. Ku Scotland, pa kalembera wa 2022, anapitirira 19,000. Mukawamwaza anthu amenewa m'dziko lonse, mupeza kuti m'tauni yaing'ono angakhalemo khumi kapena makumi awiri, osadziwana n'komwe. Vuto lawo lalikulu ndi limenelo, kupezana. Ndipo chipembedzochi, m'maonekedwe ake a lero, si chakale monga ena amaganizira. Mpaka 1951 kuno ku Britain kunali lamulo la mu 1735 lolanga munthu wodzinenera kuti ali ndi mphamvu zamatsenga. Litachotsedwa, Gerald Gardner, mkulu wina wopuma pa ntchito ya boma ku Malaya, anatulukira poyera ndi Wicca, n'kutulutsa buku lake mu 1954. Doreen Valiente ndiye analemba ambiri mwa mawu amene a Wicca amanenabe pa miyambo yawo. Ross Nichols, mnzake wa Gardner, anayambitsa gulu la ma Druid lotchedwa Order of Bards, Ovates and Druids mu 1964.

Tsono chomwe chimawagwira, m'kuona kwanga, ndi kalendala. Ali ndi zikondwerero 8 pa chaka zomwe amazitcha gudumu la chaka. Samhain imakhala pa 31 Okutobala, usiku wokumbukira akufa. Yule ndi cha pa 21 Disembala, tsiku lomwe usana umafupikitsitsa. Kenaka Imbolc kumayambiriro kwa Febuluwale, tsiku lofanana usana ndi usiku cha pa 20 Malichi, Beltane pa 1 Meyi (yomwe mwaitanidwayo), pakati pa chilimwe cha pa 21 Juni, Lammas kapena Lughnasadh pa 1 Ogasiti poyamba kukolola tirigu, ndi tsiku lina lofanana usana ndi usiku cha pa 22 Sepitembala. Katswiri wa mbiri yakale wa ku yunivesite ya Bristol, Ronald Hutton, anasonyeza kuti palibe mtundu wakale umene unkasunga masiku onsewa pamodzi. Zinayi, Samhain, Imbolc, Beltane ndi Lughnasadh, n'zochokera ku Ireland ndi Scotland, zinazo zimatsata dzuwa, ndipo anazilumikiza ndi a m'nthawi ya Gardner ndi Nichols m'zaka za m'ma 1950. Mnzanga uja zimenezi amazidziwa ndipo sizim'vuta. Amati bola dzuwalo n'lenileni.

Ganizirani ubwino wa kalendala yotereyi kwa anthu opanda likulu. Palibe bishopu wolengeza tsiku, palibe kalata yochokera ku sinodi. Aliyense amadziwa kuti pakadutsa masabata 6 kapena 7 pali chochitika. Akadati azikumana sabata iliyonse, anthu asanu omwewo amene amakonza zonse akanatheratu nayo ntchito chaka chisanathe. Akadati kamodzi pa chaka, akanaiwalana. Munthu amene anasowa miyezi itatu chifukwa cha ma shifiti safunika kufunsa aliyense, amangoyang'ana deti n'kubwerera. Komanso inu nomwe mukudziwa mmene Disembala wa kuno amapwetekera, dzuwa kulowa 4 koloko isanakwane, kutuluka kuntchito kuli kale mdima. Munthu wokhala m'dziko lotere kumuuza kuti "tiyeni tikumane, kuyambira mawa usana uyamba kutalika", savuta kumva.

(Kwa abale athu a ku Joni, a Pagan a kumeneko amatembenuza madetiwa chifukwa nyengo ndi zosemphana. Beltane yawo imagwa kumapeto kwa Okutobala, nthawi imene a kuno ali pa Samhain.)

Umene ndinaonerera ine unali wa Imbolc, m'paki ina kunja kwa tauni, kukuzizira koopsa. Panali anthu khumi ndi angapo, agogo awiri, banja lina ndi mwana m'ngolo, mnyamata wina wa ndolo pamphuno. Ena anavala mikanjo pamwamba pa majekete, ena jinzi basi. Makandulo anawaika m'mabotolo a jamu kuti mphepo isazimitse, ndipo pakati panali kansalu koyala pansi ndi timaluwa toyera tija timayamba kutuluka m'nthaka chisanu chisanathe. Anaima mozungulira, wina n'kuyang'ana kum'mawa kunena mawu ake, wina kummwera, wina kumadzulo, wina kumpoto. Anatchula Brigid, mulungu wamkazi wa ku Ireland, wina anawerenga ndakatulo papepala lomwe linali litanyowa kale. Kenaka anayendetsa buledi ndi chikho cha mowa wa uchi, aliyense popatsira mnzake n'kunena kuti usamve njala, usamve ludzu. Oyendetsa galimoto ndi ana anali ndi juwisi wa maapozi. Sipanathe ola. Pomaliza, mnzanga uja anatulutsa chitini chakale cha mabisiketi, anthu n'kuponyamo mapaundi awiri, atatu, ena osaponya, palibe woyang'ana mnzake. Ndalamazo zinali za makandulo ndi kulipirira kaholo komwe amabwereka mvula ikakula. Chakhumi chawo ndi chimenecho.

Pakati pa zikondwererozi amakhalanso ndi kamsonkhano ka pamwezi komwe amakatcha moot, kawirikawiri m'kachipinda ka kuseri mu pub. Kamafanana ndi mphakati, kungoti patebulo pali matambula a mowa. Mlendo amayambira kumeneko, aone anthu nkhope asanapite ku mwambo.

Mudzamva za zikuluzikulu, za Stonehenge, bwalo lakalekale la miyala ikuluikulu ku Wiltshire, komwe anthu zikwizikwi amachezera usiku kudikira dzuwa la pa 21 Juni. Malowa anatsekedwa pa tsikuli kuyambira pakati pa zaka za m'ma 1980 ndipo anatsegulidwanso mu 2000. Kapena Beltane ya pa Calton Hill ku Edinburgh, usiku wa pa 30 Epulo, yomwe inayamba mu 1988, ya ng'oma, miyuni ndi anthu odzipaka utoto wofiira, nayonso yokonzedwa ndi anthu ongodzipereka. N'zokoma kuonera, koma ambiri opita kumeneko ndi alendo okaona dziko. Gulu silikhalira zimenezo. Limakhalira anthu khumi aja a m'paki.

Za magazini tsopano. Ngati imene mwabwerekayo ndi Pagan Dawn, mbiri yake ikuyankhani mbali yaikulu ya funso lanu. Inayamba mu 1968 ngati kakalata kotchedwa The Wiccan, mkonzi wake ali John Score. Anthu owerenga kakalatako ndi amene anadzayambitsa bungwe mu 1971, poyamba lotchedwa Pagan Front, lomwe pano ndi Pagan Federation. Dzina la Pagan Dawn linabwera mu 1994. Ndiye kuti pepala ndilo linayamba, bungwe linabwera pambuyo. Masiku amenewo munthu ankatha kuchotsedwa ntchito kapena kulembedwa zoipa m'nyuzipepala akadziwika, choncho njira yopezera mnzako inali kuwerenga tizidziwitso ta kumapeto kwa magazini n'kulemba kalata ku bokosi la ku positi. Mpaka lero imatuluka kanayi pa chaka, pa Imbolc, Beltane, Lammas ndi Samhain, kutsata gudumu lomwe lija. Yafika pakhomo, ndiye kuti nyengo yasintha, konzekani.

Mwafunsa kuti pepala n'lachiyani pomwe kuli Facebook. Inenso ndinam'funsa mnzangayo, chifukwa kagulu kawo kali ndi kamagazini kakekake ka m'dera, ka masamba ochepa, ndipo iye ndi amene amakakonza. Zifukwa zake zinandigwira mtima. Akaidi kuno saloledwa intaneti mwachisawawa, koma m'ndende muli a Pagan, ndipo boma limalola alangizi a chipembedzochi kukawayendera. Pepala limalowa. Okalamba amene anayamba zimenezi m'ma 1970 ambiri sali pa foni, ena ali m'nyumba zosamalira okalamba momwe ena a ife timagwira ntchito. Alipo ena amene achibale awo sadziwa, ndiye safuna dzina lawo lioneke pa gulu la pa intaneti, amangolandira envelopu yosalemba kanthu kunja kupatula adilesi. Ananenanso kuti pa Facebook nkhani imakhala tsiku limodzi, mawa anthu akukangana zina, ndipo wokuwa kwambiri ndi amene amamveka. M'magazini munthu amayamba wakhala pansi kulemba, mkonzi n'kum'bwezera kuti akonze, ndipo wa Druid amawerenga zolemba wa Heathen amene sakanakumana naye konse.

Koma ntchito yake ndi yowawa, achemwali. Ndamuonapo mayiyu pa nthawi yopuma usiku, laputopu pamwendo, akusaka zolakwika m'nkhani ya maluwa a mu Meyi kunja kukugwa chipale, chifukwa zopita kosindikiza zimayenera kutha kudakali miyezi nyengo yake isanafike. Wolemba wina walonjeza nkhani, wasowa. Wojambula chikuto akudwala. Mtengo wa pepala wakwera, masitampa akwera, koma ukakweza mtengo wa magazini okalamba aja asiya kulembetsa. Ikabwera kuchokera kosindikiza, anthu atatu amakhala pa tebulo la kukhitchini kwake kuika m'maenvelopu ndi kumata maadilesi. Palibe amalandira ngakhale kobiri. Ndalama zimachokera kwa olembetsa pachaka, kwa amalonda ang'onoang'ono otsatsa makandulo, mabuku ndi ndolo, ndi ku tebulo lomwe amaika pa misonkhano yawo.

Apa mpomwe pali kufooka kwawo, ndipo iwo eni amavomereza. Zinthu zoyendera kudzipereka zimatsamira pa anthu ochepa kwambiri. Panali magazini ina yotchuka, The Cauldron, imene Michael Howard anaiyambitsa mu 1976 n'kuiyendetsa zaka pafupifupi 40. Atamwalira mu 2015, magaziniyo inathera pomwepo. Pagan Dawn yakhalitsa chifukwa ili m'manja mwa bungwe, mkonzi akatopa amapatsira wina. Timagulu ta m'madera natonso n'chimodzimodzi, kamene kamasinthana wotsogolera mwambo, Beltane uyu, Lammas uyo, kamakhala. Kamene kali ndi mwini mmodzi kamatha iye akasamuka kapena akayambana ndi mnzake, ndipo kuyambana amayambana ndithu, popeza palibe wamkulu wokawaweruza. Komabe pang'onopang'ono apeza malo awo. Mu 2010 bungwe la The Druid Network linavomerezedwa ndi boma ngati bungwe lachifundo la chipembedzo, ndipo ku Scotland ukwati womangitsidwa ndi wa Pagan wovomerezeka ndi ukwati weniweni pa lamulo.

Kupita kapena kusapita, zimenezo n'za inu ndi chikumbumtima chanu, ndipo mukakana mwaulemu sakhumudwa, sakopa anthu kuti alowe. Mukasankha kupita, funsani kaye ngati ndi mwambo wa aliyense, chifukwa ina imakhala ya mamembala okha. Muuzeni mnzanuyo kuti mukungoonerera, adzakuimikani kunja kwa bwalo, ndipo chikho chikafika mutha kungochipatsira kutsogolo. Valani nsapato za matope, tengani kachakudya kogawana, ndipo foni ikhale m'thumba, musajambule munthu osam'pempha, ena mwa iwo ndi aphunzitsi ndi anamwino amene kuntchito sadziwika. Magaziniyo mukamaliza mum'bwezere, ambiri amasunga makope awo onse.