Funsani Odziwa: Kuyenda m'mayiko akunja ndi ndalama za poker ya pa intaneti

Makalata a mwezi uno onse akuzungulira pa nkhani imodzi: kodi munthu angamayende m'mayiko akunja mosaboola m'thumba, uku akudya ndalama za poker ya pa intaneti, masewera a makhadi obetcherana ndalama? Oyankha ndi aphunzitsi a masewerawa pamodzi ndi odziwa za maulendo. Makalata ena tawafupikitsa.

FUNSO: Akonzi, ndasewera cash game (yobetcha ndalama mwachindunji pa tebulo, osati mpikisano) ya $0.25/$0.50 kwa miyezi 6 ndipo ndapindula $2,400. Ndikufuna kusiya ntchito ndikakhale kudziko kumene moyo ndi wotchipa. Ndalamazi zikukwana kuyambira? — Bambo T.K.

YANKHO: Bambo, kalata yosiya ntchitoyo ibayikani m'dilowa. Simunatiuze kuti mwasewera ma hand angati (hand ndi ulendo umodzi wogawa makhadi n'kusewera mpaka wina atapambana), ndipo nkhani yonse yagona pamenepo. Osewera amayeza luso lawo powerenga ma big blind (ndalama imene wosewera mmodzi amakakamizidwa kubetcha makhadi asanagawidwe) amene amapindula pa ma hand 100 alionse. Pa tebulo lanu big blind ndi $0.50, choncho $2,400 ndi ma big blind 4,800. Tiyerekeze kuti munasewera ma hand 100,000. Ndiye kuti mukupindula pafupifupi 5 pa 100 alionse, zomwe ndi zabwino ndithu pamaso.

Vuto lake makhadi sayenda mu mzere. Pa tebulo la anthu 6 la No Limit Hold'em, zotsatira zimakwera ndi kutsika ndi ma big blind 80 mpaka 100 pa ma hand 100. Tikatenga 90 n'kuwerengera, timapeza kuti ngakhale mutasewera ma hand 100,000, luso lanu lenileni likhoza kukhala paliponse kuyambira pansi pang'ono pa ziro kufika cha m'ma big blind 10 pa ma hand 100. Kunena mosapsatira, mukhoza kukhala katswiri, mukhozanso kukhala munthu amene mwayi wangomumwetulira miyezi ingapo.

Tivomereze kuti 5 uja ndi wanudi. Wosewera ma hand 30,000 pa mwezi angayembekezere ma big blind 1,500, omwe ndi $750. Koma masamu omwewo akusonyeza kuti mwezi umodzi pa miyezi 6 iliyonse adzatseka ali m'munsi, asanalakwitse chilichonse. Mwezi umenewo lendi idzafunikabe. Apa mpamene ambiri amagwera: amatapa mpamba kulipira nyumba, mpamba uchepa, ayamba kusewera mwamantha, kapena akwera tebulo lalikulu kuti abweze msanga zimene zapita, n'kutha psiti.

Choncho ndalama zikhale m'matumba atatu osasakanikirana. Loyamba ndi mpamba wosewerera, wosachepera ma buy-in 50 (buy-in ndi ndalama yokhalira pa tebulo), omwe pa tebulo lanu ndi $2,500, ndipo amene amadyera pomwepo ambiri amasunga 100. Lachiwiri ndi ndalama zodyera ndi zogonera za miyezi 6, zikhale ku banki, kutali ndi batani la deposit. Lachitatu ndi tikiti yobwerera kwanu pamodzi ndi inshuwalansi ya chipatala. Dziikireninso lamulo musananyamuke, loti mpamba ukatsika kufika pa ma buy-in 30 mukutsikira pa tebulo la $0.10/$0.25 popanda kukambirana ndi mtima. Osewera mipikisano afunika ochuluka zedi, ma buy-in 200 kupita m'tsogolo, chifukwa kumeneko munthu amatha miyezi osaona mphotho yooneka. Ndalama muli nazozo zikukwana thumba limodzi lokha, lomwelonso mosadzaza. Tiwonjezere kuti kampani ya poker imadula gawo lake pa poto aliyense (ndalama zonse zobetchedwa pa hand imodzi), kawirikawiri pafupifupi 5 peresenti mpaka malire ena, n'chifukwa chake osewera ambiri pamapeto pake amaluza. Mpamba wa ngongole usayandikire n'komwe.

FUNSO: Ndi dziko liti labwino kukhalako? Mnzanga akuti zilibe kanthu kumene uli, bola kuyatsa VPN, pulogalamu yobisa kumene munthu ali pa intaneti. — Mayi L.P.

YANKHO: Mayi, mnzanuyo akukuponyani m'dzenje. Makampani akuluakulu monga PokerStars ndi GGPoker amaletsa kubisa kumene muli kuti musewere muli kudziko loletsedwa. Nthawi zambiri sakugwirani tsiku loyamba. Amakugwirani tsiku lotapa ndalama, pamene ayamba kufananitsa adiresi yanu, banki yanu ndi kumene kompyuta yakhala ikulowera. VPN ikangoduka kwa mphindi imodzi pulogalamu ili yotsegula, malo anu enieni aonekera. Chotsatira ndi kutsekeredwa akaunti, nthawi zina kulandidwa zonse zili momwemo, ndipo kodandaula kulibe poti munasaina nokha malamulo awo.

Dziko musalisankhe poyang'ana lendi yokha. Yambani ndi funso lakuti kumeneko mungasewere mwalamulo kapena ayi, komanso kuti mungasewere ndi ndani. Ku Australia, lamulo la 2017 linachititsa kuti makampani akuluakulu a poker atulukemo. Ku France, Spain, Portugal ndi Italy poker ndi yololedwa, koma osewera ake anawatchingira mpanda. Kuyambira 2018 France, Spain ndi Portugal anaphatikiza matebulo awo, Italy inatsala payokha, ndipo akaunti yanu ya mayiko onse sikagwira ntchito kumeneko. Chigawo cha Ontario ku Canada chinamanganso mpanda wake mu 2022. Ku Germany, kuyambira 2021 kuli msonkho wa 5.3 peresenti pa ndalama zobetcha, ndipo phindu lochepa ngati la Bambo T.K. silingaupirire. Ku Thailand, kumene ambiri amathamangira chifukwa cha kutchipa kwa Chiang Mai, lamulo la 1935 limaletsa juga pafupifupi yamtundu uliwonse. Kuti anthu ena amasewera ali m'zipinda zawo osagwidwa sizikusandutsa chinthucho kukhala chololedwa.

Moyo woterewu unafala kwambiri pambuyo pa 15 April 2011, tsiku limene boma la United States linatsekera nzika zake PokerStars, Full Tilt Poker ndi Absolute Poker. Osewera ambiri anasamukira ku Vancouver ku Canada, Rosarito ndi Playa del Carmen ku Mexico, Costa Rica ndi Malta. Onani kuti sanayatse VPN ali kwawo. Anasamukadi, anachita lendi, anatsegula akaunti ku banki ya komweko, n'kutumiza zikalata ku kampani.

Inunso chitani chimodzimodzi. Musanagule tikiti, lemberani kampani yanu, muwauze dziko, tsiku lofika ndi kutalika kwa ulendo, ndipo yankho lawo mulisunge. Malamulowa amasintha kawirikawiri, choncho zimene munthu anakuuzani chaka chatha musazidalire.

FUNSO: Kodi pogona potchipa kwambiri, monga ma hostel, sipokwanira? Poker siidya intaneti yambiri. — Achimwene G.

YANKHO: Zoona achimwene, siidya yambiri. Chimene imafuna ndi intaneti yosaduka. Liwiro limene eni nyumba amadzitama nalo lilibe ntchito ngati netiweki imagwa masekondi 20 pa ola lililonse. Mukaduka muli pakati pa hand, nthawi yanu yoganizira imawerengedwabe, ikatha makhadi anu atayidwa, ndalama munaika mu poto zapita. Ngati muli pa matebulo 6, zimenezi zikuchitika kasanu ndi kamodzi nthawi yomweyo.

Hostel ili ndi mavuto enanso awiri. Wi-Fi yake mumagawana ndi anthu ambiri, ndipo madzulo onse akayamba kuonera mafilimu imafooka. Komanso ngati mlendo wina akusewera pa kampani yomweyo kudzera pa intaneti yomweyo, kompyuta za kampani zikhoza kukuonani ngati anthu ogwirizana kubera ena, kapena ngati munthu mmodzi wa maakaunti awiri. Kudziyeretsa pa mlandu woterewu kumatenga masabata, ndalama zili zotsekeredwa.

Kutchipa kwenikweni kuli pa kuyenda pang'onopang'ono. Chipinda cholipira pa mwezi chimatsika mtengo kwambiri kuyerekeza ndi cholipira pa usiku, khitchini imachepetsa ndalama za chakudya, ndipo tsiku lililonse la pa ulendo ndi tsiku losagwira ntchito. Wosamuka sabata iliyonse amalipira kawiri, tikiti komanso ma hand amene sanasewere. Khalani miyezi iwiri kapena itatu pamalo amodzi. Mukafika, lipirani masiku atatu okha kaye. Yesani intanetiyo pa maola enieni amene muzidzasewera, onani ngati rauta ili m'chipinda mwanu kuti mulumikize ndi waya, ndipo funsani oyandikana nawo za kuzima kwa magetsi, osati mwini nyumba. Gulani SIM khadi ya kampani ina yosiyana ndi imene ikupereka intaneti ya m'nyumbamo, foni ikhale pambali pa laputopu ili yokonzeka kugawa netiweki. Yeserani kusinthako tebulo lisanatsegulidwe mpaka muzitha m'masekondi ochepa. Power bank ikhale yosapitirira 100 Wh ndipo iyende m'chikwama cha m'manja, apo ayi ikatsala pa bwalo la ndege. Tebulo ndi mpando wabwino musazipeputse. Maola 6 pa bedi laputopu ili pa mawondo, msana udzakuuzani.

Pali chinanso chimene ambiri amachizindikira atafika kale, ndicho wotchi. Matebulo amadzaza ndi osewera ongosangalala madzulo a ku Ulaya, ndipo phindu lochuluka limachokera kwa iwowo. Nthawi yachisanu, ikamakwana 8 koloko madzulo ku Berlin, ku Bangkok imakhala 2 koloko usiku, pamene ku Playa del Carmen ndi 2 koloko masana. Mpikisano waukulu wa Lamlungu ukhoza kutenga maola 10, ndiye wokhala ku Asia amamaliza dzuwa lili pamutu. Ena amazolowera, koma tulo tosakwanira timadya luso mwakachetechete, ndipo lendi yotchipayo siibweza zimenezo.

FUNSO: Ndalama ndizizitulutsa bwanji ndili kunja popanda kudyeredwa? — S.C.

YANKHO: Konzani zonse musananyamuke. Kampani idzafuna pasipoti ndi chikalata chosonyeza adiresi, kawirikawiri chosapitirira miyezi itatu, ndipo dzina la pa akaunti ya poker, pa Skrill kapena Neteller (maakaunti otumizira ndalama pa intaneti), ndi pa banki likhale limodzimodzi chilembo ndi chilembo. Makampani ambiri amabweza ndalama kudzera njira imene munaikira, choncho musaike ndi khadi imene singalandire. Tapani kandalama kochepa muli kwanu kuti muone njira yonse ikuyenda.

Ndalama zimathera pa kusintha. Ngati akaunti ya poker ili m'madola, Skrill ili mu mayuro, ndipo mukutapa ndalama ya dziko lachitatu, mwadulidwa kawiri. Maakaunti onse akhale mu ndalama yamtundu umodzi. Pa ATM, makina akakufunsani ngati mukufuna akusinthireni okha, kanani, musankhe ndalama ya dzikolo, chifukwa mtengo wa makinawo ndi woipa. Tapani zambiri kamodzi m'malo motapa pang'onopang'ono, popeza m'mayiko ena, monga Thailand, khadi yakunja imadulidwa ndalama yokhazikika yoposa 200 baht nthawi iliyonse imene mwatapa. Khalani ndi makhadi awiri a mabanki osiyana, osungidwa malo osiyana. Nambala zachinsinsi zolowera zizibwera pa pulogalamu ya pa foni, osati pa SMS ya SIM imene kunja singagwire.

Pa kampani siyanipo ndalama zongokwana kusewerera sabata kapena ziwiri. Full Tilt itagwa mu 2011, osewera a ku United States anayamba kubwezeredwa ndalama zawo mu 2014. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno.

FUNSO: Nanga za viza ndi msonkho? — Mayi R.

YANKHO: Zimadalira pasipoti yanu, choncho onani pa tsamba la ofesi ya kazembe wa dziko mukupitalo. M'mayiko a Schengen, gulu la mayiko ambiri a ku Ulaya ogwiritsa ntchito viza imodzi, mlendo saloledwa kupitirira masiku 90 pa masiku 180 alionse, ndipo kutuluka tsiku limodzi n'kubwerera sikuyambitsanso kuwerenga. Viza ya alendo m'mayiko ambiri siilola kugwira ntchito, ndipo maviza a ogwira ntchito pa intaneti amafuna umboni wa malipiro okhazikika, umene ndalama za poker kawirikawiri sizipereka. Pachipata angakufunseni tikiti yotulukira ndi sitetimenti ya ku banki. Bodza musanene. Polowa mu European Union ndi ndalama zapamanja zokwana €10,000 kapena kuposa, muyenera kuzionetsa.

Mayiko ambiri amayamba kukuwerengani ngati wokhoma msonkho wawo mukakhalamo masiku 183 pa chaka, ndipo kuchoka kwanu sikutanthauza kuti dziko lanu lakumasulani. United Kingdom siidula msonkho pa zimene wosewera wapambana, United States imadula. Sungani mbiri ya zonse zimene mwaika ndi kutapa, ndipo muonane ndi wodziwa za misonkho musanapite.

FUNSO: Laputopu ndingaisiye m'chipinda cha hotelo ndikamatuluka? — Bambo E.

YANKHO: Pokhapokha itazimitsidwa kotheratu, disiki yake ili yotsekedwa ndi BitLocker kapena FileVault. Mu 2013, pa mpikisano wa European Poker Tour ku Barcelona, laputopu ya Jens Kyllönen wa ku Finland inasowa m'chipinda chake kenako n'kubwezedwa pamalo pake. Akatswiri a F-Secure, kampani ya chitetezo cha makompyuta, ataiunika anapeza kuti mwaikidwa pulogalamu yolola munthu wina kuona sikirini yake ali kutali, kutanthauza makhadi ake onse. Laputopu yosewerera isabwerekedwe, musalowetsemo flash ya munthu wina, ndipo ikasowa ngakhale kwa ola limodzi n'kupezekanso, sinthani mapasiwedi pogwiritsa ntchito foni, muifufute yonse n'kuikamo pulogalamu zatsopano musanatsegule tebulo lililonse.