Gitala ya D'Gary wa ku Madagascar: yankho kwa wowerenga amene akuphunzira yekha

Wowerenga wina amene akuphunzira yekha gitala kunyumba wanditumizira imelo yokhala ndi mafunso awiri. Akuti anamva pa YouTube nyimbo za D'Gary, woimba wa ku Madagascar, ndipo atayesa kuzitsatira ndi makodi (maliwu angapo olizidwa pamodzi) amene amawadziwa palibe chimene chinagwirizana, moti akukayika ngati ndi zoona kuti akuliza ndi munthu mmodzi pa gitala imodzi. Funso lachiwiri ndi lakuti zinatheka bwanji kuti munthu amene sanapondeko kusukulu ya nyimbo afike poimba ku Ulaya ndi ku America, komanso ngati njira yomweyo ingamutsegukire iyeyo.

Ndiyambe ndi kukutsimikizirani, mbale wanga, kuti makutu anu ali bwino ndipo zala zanu sizinalakwe. Pa nyimbo zambiri zimene mwamvazo gitala ndi imodzi basi, ndipo china chimene chikumveka pambali kawirikawiri ndi katsa, kachitini kodzaza njere kamene amakakhutchumula posunga kugunda kwa nyimbo. Vuto lili pa machunidwe. Inu gitala yanu mwaichuna mmene mabuku amaphunzitsira, kuti nsambo zisanu ndi imodzi zija zizilira E, A, D, G, B, E, pamene D'Gary amamasula nsambo zina ndi kukunga zina, ndipo ali ndi machunidwe ambiri amene amasintha malinga ndi nyimbo. Munthu amene akusakasaka kodi ya G kapena ya C pa nyimbo yotereyi akufunafuna chinthu chimene mwini wake sanaikemo.

Chifukwa chimene amachunira choncho ndiye pagona nkhani yonse, choncho ndikhalapo pang'ono. D'Gary, amene dzina lake lenileni ndi Ernest Randrianasolo, anabadwa mu 1961 ku Antananarivo, likulu la Madagascar, koma ndi wa mtundu wa Bara, anthu oweta ng'ombe za linunda kum'mwera kwa chilumbachi. Bambo ake ankagwira ntchito yachitetezo m'boma, ndipo banjali linakhalapo ku Toliara, mzinda wa m'mphepete mwa nyanja moyang'anana ndi Mozambique, kumene mnyamatayu anayamba kugwira gitala. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970 anapita kwawo ku Betroka, ndipo bambo ake atamwalira anaona ndi maso ake mwambo wa maliro wa Abara wotchedwa havoria, umene umasonkhanitsa abale ochokera kutali ndi kuimba kwa masiku angapo. Nyimbo za kumeneko siziimbidwa ndi gitala ya kusitolo ayi. Amaliza marovany, bokosi lathabwa lokhala ndi nsambo mbali zonse ziwiri, komanso lokanga, chida cha nsambo zitatu chokwecha ndi uta, ndi kabosy, kagitala kakang'ono kopanga pamanja. Chimene D'Gary anachita ndi kukakamiza gitala kuti ilankhule chilankhulo cha zida zimenezi.

Taganizani za marovany. Woliza amaika dzanja lina mbali iyi, lina mbali inayo, ndipo maliwu otsatizana sakhala mbali imodzi: loyamba lili kumanja, lachiwiri kumanzere, lachitatu kumanjanso. Choncho nyimbo ikamakwera kapena kutsika manja amalandizana, ndipo liwu lililonse limatuluka pa nsambo yakeyake, lina likadali kulira linzake layamba kale, pokhapokha woliza ataligwira ndi chala kuti lizime msanga. Chimodzimodzinso valiha, chida cha nsungwi chimene anthu amachitcha chida cha fuko lonse la Madagascar, chimene nsambo zake kale ankazisenda pa khungu la nsungwi yomweyo koma masiku ano ambiri amamasula waya wa buleki ya njinga. Amene anaonapo mkulu akuliza bangwe kwathu kuno sangavutike kumvetsa, chifukwa nayenso sapana nsambo pakhosi la chida monga timachitira pa gitala, koma nsambo iliyonse ili ndi liwu lake lokhazikika. Gitala yochunidwa mwa masiku onse imakana kuyenda motero, popeza maliwu oyandikana amagwera pa nsambo imodzi ndipo lachiwiri limapha loyamba. Mukaichuna mwina, nsambo zosapanidwa zimayamba kuthandizana ndi zopanidwa, ndipo maliwu amakhuthuka motsatizana mwaliwiro mpaka womvera kuganiza kuti pali anthu awiri.

Ngati mukufuna poyambira, tsitsani nsambo yaikulu ija kuchoka pa E kufika pa C, ndipo yotsatira muitsitse kuchoka pa A kufika pa G, zina zinayizo muzisiye mmene zilili. Awa ndi machunidwe amene oimba gitala ambiri a ku Madagascar amagwiritsa ntchito, ndipo amapatsa chala chachikulu malo oyendamo pamene chala cha mkombaphala chikutola nyimbo pamwamba. Chimene chidzakuvutitseni kwambiri si machunidwe koma kagundidwe, chifukwa nyimbo zambiri za kumeneko zimayenda mu 6/8, ndipo mkati mwake kugunda kuwiri ndi kugunda kutatu kumayendera limodzi. Muyambe ndi kuwomba m'manja motsatira katsa mpaka thupi litazolowera, gitala ibwere pambuyo.

Tsopano za kuphunzira yekha. Mawu amenewa ndi oona pa mbali yakuti D'Gary sanakhale m'kalasi ndipo sanaphunzire kuimba poyang'ana manotsi papepala, koma ine sindigwirizana ndi amene amawanena ngati kuti luso linamugwera kuchokera kumwamba. Anali ndi aphunzitsi ambirimbiri amene mayina awo sanalembedwe pa chimbale chilichonse: oliza marovany, amayi oimba pamaliro, ndi anyamata a ku Toliara oimba tsapiky, nyimbo yothamanga ya gitala yamagetsi imene inakula m'zaka za m'ma 1970 itatengako zina ku nyimbo za ku South Africa. Atabwerera ku Antananarivo analiza gitala yamagetsi m'gulu la Feon'ala, kuimbira anthu ovina, ndipo ntchito yotere imaphunzitsa kusunga nthawi kuposa buku lililonse. Ngakhale mawu a nyimbo zake amachokera kwawo, monga nkhani ya dahalo, mbava za ng'ombe zimene zasowetsa mtendere kum'mwera kwa dzikolo kwa zaka zambiri.

Njira yake yopita kunja inatseguka mu 1991, pamene oimba gitala awiri a ku America, Henry Kaiser ndi David Lindley, anafika ku Madagascar ndi zipangizo zojambulira ndi kujambula oimba osiyanasiyana a m'dzikomo. Zimene anajambulazo zinayamba kutuluka mu 1992 pa chimbale chotchedwa A World Out of Time kudzera ku kampani ya Shanachie, ndipo chaka chotsatira kampani yomweyo inatulutsa chimbale cha D'Gary payekha. Pamenepa pali munthu wina amene sitingamusiye, Dama wa gulu la Mahaleo, gulu limene linabadwa pa nthawi ya zionetsero za ophunzira mu 1972 ndipo limalemekezedwa kwambiri m'dzikomo. Dama ankamudziwa kale D'Gary ndi kukhulupirira luso lake, ndipo awiriwa anakajambula chimbale limodzi ku Louisiana chimene chinatuluka mu 1994. Kenako zimbale zake zinayamba kutuluka ku France kudzera ku kampani ya Label Bleu ya mumzinda wa Amiens, ndipo mu 2009 anamveka pa chimbale cha Béla Fleck, katswiri wa banjo wa ku America. Pambuyo pake anapanga gulu la anthu atatu la Toko Telo pamodzi ndi woimba Monika Njava ndi katswiri wa akodiyoni Régis Gizavo, amene anamwalira mu 2017.

Mukafunsa ngati njira imeneyi ingakutsegukireni, yankho langa lili pawiri. Mwayi unalipo, chifukwa alendo aja akanapanda kubwera chaka chimenecho mwina dzina lake likanachedwa kumveka kunja. Koma alendowo anali akatswiri a gitala amene anali atamva kale chilichonse chimene chimaimbidwa ku America, ndipo akanapeza mnyamata wongotsanzira nyimbo za kwawo komweko sakanataya naye nthawi. Chimene chinawaimitsa ndi chakuti anamva gitala ikuchita zimene anali asanazimvepo. Muyeneranso kudziwa kuti kutchuka kotereku n'kwa mtundu wake. D'Gary amadziwika kwambiri pakati pa oimba gitala anzake ndi anthu opita ku zikondwerero za nyimbo za m'mayiko osiyanasiyana, ndipo ntchito yotere imadalira makampani ang'onoang'ono, maulendo a nyengo ndi nyengo, ndi ziphaso zolowera m'mayiko zimene kwa munthu wa ku Africa sizipezeka mwachidule. Ku Toliara, pa maukwati ndi pa maliro, chimene chimagonetsa anthu panja usiku wonse ndi tsapiky yamagetsi yotulukira pa zimkuzamawu zomangirira pamtengo, pamene gitala yopanda magetsi imene inamutchukitsa kunja imafuna anthu okhala pansi ndi kutchera khutu.