Kodi jakisoni wa pamsana ndi woopsa pa opaleshoni yobereka?

Mayi wina wanditumizira imelo kunena kuti ku sikelo amuuza kuti adzachira kudzera pa opaleshoni, ndipo azakhali ake amuchenjeza kuti jakisoni wa pamsana amasiya munthu ndi msana wopweteka moyo wonse, mwinanso kulumala kumene. Akufunsa ngati kuli bwino kupempha kuti adzamugonetse kotheratu.

Mayi, musapemphe zimenezo pokhapokha odziwa ntchitoyi ataona chifukwa, monga pamene mwataya kale magazi ambiri kapena magazi anu sakuundana bwino. Jakisoniyu amabayidwa m'munsi mwa msana, pansi pa pamene mtsempha waukulu wochokera ku ubongo umathera, ndipo mankhwala ake, omwe kawirikawiri amakhala bupivacaine, amachititsa dzanzi kuyambira m'munsi mwa mabere mpaka kumapazi kwa maola awiri kapena atatu. Mumakhala muli maso, mukupuma nokha. Kugonetsedwa kotheratu ndiye kuli ndi chiopsezo chokulirapo kwa mayi woyembekezera, chifukwa zam'mimba zimabwerera kukhosi mosavuta n'kulowa m'mapapo, komanso chubu chopumira chimavuta kulowetsa pakhosi lomwe latupa ndi pakati.

Zovuta zake zilipo ndithu. Kuthamanga kwa magazi kumatsika mwadzidzidzi jakisoni akangogwira, n'chifukwa chake amakuikani diripu ndi kukuyezani pafupipafupi, ndipo mukamva nseru kapena chizungulire muyenera kunena nthawi yomweyo. Amayi owerengeka amamva mutu womwe umakula akakhala tsonga n'kuchepa akagona, ndipo umenewu uli ndi chithandizo. Pobayidwapo pamapweteka masiku ochepa, koma msana wovuta kwa miyezi umachokera makamaka ku mimba yomweyo ndi ntchito zolera mwana. Kulumala n'kosowa kwambiri.

Chimene ine ndingade nacho nkhawa chili kwina. Zotsatira za kafukufuku wa maopaleshoni wotchedwa African Surgical Outcomes Study zomwe zinatuluka mu 2019, zochokera m'mayiko 22 a mu Africa, zinaonetsa kuti amayi omwalira atachitidwa opaleshoni yobereka ndi ochuluka pafupifupi ka 50 kuposa a m'mayiko olemera, ndipo kutaya magazi kunali m'gulu la zifukwa zazikulu. Vutoli limakula pamene mayi watuluka ku fiyeta n'kukagonekedwa mu wodi momwe namwino mmodzi akuyang'anira odwala ambiri usiku. M'zipatala zathu za maboma, ogonetsa odwala ambiri ndi ma clinical officer omwe anaphunzira ntchitoyi mwapadera ndipo jakisoniyu amabaya tsiku ndi tsiku, koma sangakhale pambali panu usiku wonse.

Choncho ku sikelo pemphani kuti akuyezeni kuchuluka kwa magazi nthawi idakalipo, imwani mankhwala oonjezera magazi mokhulupirika, ndipo funsani ngati chipatalacho chimakhala ndi magazi osungidwa. Azakhali anuwo, ngati ndiwo adzakudikirireni, muwauze kuti akadzaona nsalu zikunyowa msanga ndi magazi, kapena inu mukuzizidwa ndi kufooka, adzaitane namwino pompopompo osadikira kuti kuche.